Tsiku Limene Dailes Anapita ku Mozambique Ali Pampando

Dailes Ngozo ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti anasankha nyengo yolakwika yobadwira. Anabadwa mu Julaye, kuno ku Tsangano, chaka chimene kunazizira mpaka nkhuku zinkakana kutsika mumtengo dzuwa lisanalonjeze kuti likhalitsa. Mwanayo analira ndithu atabadwa, koma kulirako kunaundana m'malere, tinadzakumva mu Seputembala kutayamba kufunda. Amayi ake, aNagama, amati ndimanama. Iwo anali m'nyumba atafunda mabulangete atatu, ine ndinali panja, ndiye weruzani nokha amene anaiona bwino nyengoyo.

Anakula ndi nthenda imodzi yokha: kuwerenga chilichonse mpaka pamapeto. Ana ena akapatsidwa paketi ya mbewu ya kabichi ankang'amba n'kufesa. Dailes ankakhala pansi m'munda momwemo, n'kuwerenga kutsogolo, kumbuyo, ndi timalemba ta m'mphepete timene ngakhale amene anatilemba sanabwererenso kukationa. Tsiku lina anamutuma kukagula mankhwala a chifuwa a msuweni wake. Pamene ankamaliza kuwerenga kapepala ka m'bokosi, msuweniyo anali atachira, atakwatira, ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Malemu bambo ake ankamukuwira kuti, "Nangozo, tadzala kaye, uwerenga tikaweruka!" Iye, osadzutsa mutu, ankangoti, "Ndamva, bambo, ndatsala pang'ono."

Pulayimale anaphunzira ku Nzama, akukhala kwa azakhali ake. Atamaliza sekondale anapita kukoleji kukaphunzira za ziwerengero, maphunziro amene munthu amasonkhanitsa manambala ambirimbiri n'kuwapanikiza mpaka aulule zimene akubisa. Tonse tinkati basi, ameneyu watayika, tizimuona pa Khirisimasi atavala nsapato za gogoda zimene sizingakwere mapiri athu. Koma ali m'chaka chomaliza bambo ake anamwalira, ndipo patangopita zaka ziwiri aNagama anagwa m'munda wa kachewere. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anatuluka amoyo, pakamwa pali pabwinobwino, mwatsoka kwa ine, koma dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafooka. Dailes, amene panthawiyo ankazungulira maofesi a ku Lilongwe ndi makalata ofunsira ntchito, anakwera minibasi n'kubwerera kumudzi. Palibe anamuuza kuti atero. Kuyambira pamenepo ndiye amawasambitsa, amawatikita mwendo, amawakumbutsa mapiritsi, ndipo amakangana nawo za mchere katatu patsiku.

Mwayi unamupeza ali konkuno. Yunivesite ina ya mumzinda inayamba kafukufuku wa kuthamanga kwa magazi ndi shuga pakati pa alimi a kumapiri kuno, ndipo inkafuna anthu oyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso ndi kuyeza anthu. Dailes anayenda zaka zitatu, kuchokera kuno mpaka ku Biriwiri, atanyamula sikelo ndi kamakina kofinya mkono. Anatha nsapato zokwanira kuveka mpingo wonse. Agalu a m'midzi imeneyi anafika pomuzolowera moti akamuona ankangokhala pansi n'kutambasula mwendo wakutsogolo kuti awayeze. Anali wofunsa wouma khosi: mkulu wina akati zaka zake anaziiwala, Dailes ankakhala pamphasa n'kumufunsa za njala, za dzombe, za chaka chimene anakwatira, mpaka zakazo zitapezeka. Ndipo pakhomo lililonse ankanena mawu omwewo: "Zimene mundiuze pano sizidzamveka kwina kulikonse." Anthu chikwi chimodzi ndi mazana anayi anamukhulupirira.

Chaka chatha, mkulu wa kafukufukuyo, Dokotala Mirriam, anamuimbira foni. "Kuyenda kwatha," anatero. "Tsopano tikufuna munthu woti akhale pansi ndi manambalawa, ndipo inu munaphunzira zimenezi. Mungabwere kuno?" Dailes anati ntchitoyo akuifuna ndi mtima wonse, koma amayi ake sangawasiye. Dokotala anaganiza kwa masiku angapo, nati ayesa kumulola kugwirira kumudzi, ngakhale kuti akuluakulu ena kumeneko ankakayikira ngati ku Tsangano kuli magetsi, netiweki, kapenanso anthu.

Apa ndifotokoze kaye, poti inenso anachita kundifotokozera kasanu. Mayankho a anthu aja sali papepala, ndipo saloledwa kukhala mu laputopu ya munthu aliyense. Ali mu kompyuta imene simungaigwire ndi manja. Kuyunivesiteko kuli chipinda chozizira kuposa kwathu kuno, m'menemo muli chikompyuta chachikulu, ndipo m'mimba mwake anagawamo timakompyuta tongoyerekeza, wogwira ntchito aliyense kake. Dailes akatsegula laputopu yake n'kulemba pasiwedi, kenaka nambala ina imene imabwera pafoni, nkhope ya kakompyuta kakutaliko imaonekera pa sikirini yake, n'kumakagwiritsa ntchito ngati kali pamiyendo. Koma sangatulutsemo kanthu, sangajambule chithunzi, sangalowetsemo ngakhale nyimbo ya kwaya. N'zomveka. Simungakonde kuti pamsika ponse padziwike kuti shuga wanu wakwera sabata yomwe mukufunsira mbeta.

Kakompyutako anamupatsa kali kopanda kanthu, ngati nyumba ya lendi imene wotuluka anazula ndi misomali yomwe. Iye ndiye ankayenera kuikamo pulogalamu yowerengera, imene dzina lake ndi chilembo chimodzi chokha, R, ngati kuti eni ake anatopa asanamalize kuitchula. Pambali pake panali timapulogalamu 27 tothandizira, tonse totengedwa m'nkhokwe ya yunivesite yomweyo. Akamaliza kuika, ayendetse mayeso amene anamukonzera, ndipo ndandanda wa manambala ukatuluka ndiye kuti zatheka. Anamupatsa mpaka Lachisanu, folo koloko madzulo, chifukwa Lolemba ntchito yeniyeni inkayamba. Zikakanika panali njira ziwiri basi: asamukire mumzinda n'kusiya amayi ake, kapena ntchitoyo aipereke kwa wina.

Tsopano mumve za netiweki yathu. Malire a Malawi ndi Mozambique ali pafupi nafe moti mbuzi imadya m'mawa dziko lina, masana dziko lina, popanda chiphaso. Nsanja ya netiweki ya kwathu ili kuseri kwa phiri, ndipo chifunga chikatsika imachita manyazi n'kubisala. Ya kutsidya imatiyang'ana m'maso. Choncho munthu aliyense kuno, kuyambira wogula kachewere mpaka mkulu wa mpingo, ali ndi masimukhadi awiri m'foni imodzi: layini ya kwathu ndi layini ya kutsidya. Ina ikafa, chala chimasinthira ku inzake chokha, mutu osauzidwa n'komwe, monga munthu amasinthira khasu dzanja likatopa. Palibe amene amaona ngati wapita kunja kwa dziko.

Lachiwiri m'mawa, atawasambitsa amayi ake n'kuwakhazika pakhonde, Dailes anakhala patebulo la pabalaza, analumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni, nayamba. R inalowa bwinobwino. Timapulogalamu tija tinayamba kulowa kamodzikamodzi, iye akuwerenga mzere uliwonse umene unkadutsa. Atafika pa ka nambala 9 chifunga chinatsika, netiweki inathawa, sikirini inauma. Chala chinachita ntchito yake. Analembanso pasiwedi, khomo linakana. Anati mwina ndaphonya chilembo, analembanso pang'onopang'ono, linakananso. Kachitatu analemba mosamala ngati munthu wosaina chikalata cha ukwati. Pa sikirini panabwera mawu ofiira akuti akaunti yake yatsekedwa.

Chifunga chitangopepuka foni inalira. Anali a Silvester, amene amayang'anira makompyuta a kafukufuku kuyunivesiteko, munthu wa mawu ofatsa ngati a nesi amene wabisa jakisoni kumbuyo.

"Mayi Ngozo, muli kuti panopa?"

"Ndili kunyumba, ku Tsangano."

"Pasiwedi yanu munauzako ndani?"

"Palibe, bambo. Ngakhale amayi anga saidziwa."

"Chifukwa ine pano ndikuona zodabwitsa. Teni koloko munali mkati, muli ku Malawi. Patangopita mphindi ziwiri, munthu wina ku Mozambique walemba pasiwedi yanu, molondola, katatu. Kapena muli ndi ndege pakhomopo?"

"Ndili ndi wilibala."

A Silvester sanaseke. Anafotokoza kuti makinawo amakana aliyense wogogoda kuchokera kunja kwa dziko, chifukwa anthu anauzidwa kuti mayankho awo sadzatuluka m'Malawi. Ngati ndi wakuba, iwo asintha pasiwedi, alemba lipoti, n'kutsegula tsiku lomwelo. Koma ngati ndi iye mwini, nkhaniyo ipita kwa Dokotala Mirriam ndi komiti yoona za chinsinsi, ndipo komiti sidziwa kuti Lachisanu ndi liti. "Ganizani bwino, mundiimbire," anatero.

Dailes anandiitana kuti ndikhale ndi amayi ake, anaponya laputopu m'thumba, nakwera kumsika kwa mnzake Najma. Najma ndi mwana wa Che Omari, eni sitolo ya zitsulo, mbewu ndi feteleza, amenenso amagulitsa anyezi pamalole. Atsikana awiriwa anakulira limodzi. Wina akapita kutchalitchi, wina kumzikiti, ankakumana panjira n'kupitiriza nkhani pamene anaisiyira. Zimene zinachitika m'sitolomo anandiuza ndi Najma, ndipo Najma sawonjezera nkhani ngati anthu ena.

"Iwe Dai, nkhope imeneyo bwanji? Wamwalira ndani?"

"Andibera pasiwedi. Akuti munthu wa ku Mozambique."

"Wa ku Mozambique aifunirenji pasiwedi yako? Akufuna adziwe bipi ya aNagama?" Najma analanda foni ya Dailes, nayang'ana pamwamba pa sikirini. Kenaka anayang'ana Dailes, n'kuyang'ananso foni. "Mwali, unali pa layini iti?"

Dailes anakhala pa thumba la feteleza.

Najma anaseka mpaka makasitomala awiri anathawa, wachitatu anayamba kuseka nawo osadziwa chifukwa. "Ndiye wakubayo ndi uyu wakhala pathumba langayu! Ndiitane apolisi, kapena udzipereka wekha?" Atatha kuseka anatsitsa mawu. "Tamvera. Akakhala wakuba atsegula lero, si choncho? Ungoti sukudziwa kanthu. Simukhadi imeneyo unagula pamsewu ngati tonsefe. Adziwa bwanji?"

"Sadziwa."

"Nanga?"

"Akalemba kuti kuli wakuba amene akusaka mayankho a anthu a kuno, ndikakumana nawo anthu aja ndiwauza chiyani? Ndinawalonjeza pakhomo pawo, nditakhala pamphasa zawo. Ndiye ndiwabweretsere wakuba woti kulibe, kuti ineyo zindiyendere?"

"Ndiye uluze ntchito chifukwa cha chala?"

"Tandibwereka foni yako."

Anaimba ndi foni ya Najma kuti yake ikhale yomasuka. Anawauza a Silvester zonse: phiri, chifunga, masimukhadi awiri.

"Mukundiuza kuti kumeneko anthu amapita ku Mozambique ndi chala?"

"Tsiku lililonse, bambo. Mukafuna ndikuonetseni. Mukumva phokoso kumbuyo kwangaku?"

"Ndikumva ngati chigayo."

"Ndi chigayo cha pamsika wathu. Muzichimvera chimenecho, maso ali pa kompyuta yanu. Ndingogogoda pakhomo panu, sindilowa." Anaika laputopu pamaondo, natsegula tsamba lolowera. "Ndili kuti?"

"Ku Malawi."

Chala chinasintha. "Pano?"

"Ku Mozambique."

"Chigayo chasamuka?"

"Chikadalipo."

"Nanga pano?"

"Mwabwerera. Takulandirani, mayi, mwayenda bwanji?" Apa ndiye a Silvester anaseka, kuseka kwa munthu amene wakhala zaka khumi m'chipinda chozizira osaona chodabwitsa. Anamupempha abwereze kawiri kuti anzawo a muofesi aoneko. Masana amenewo mwana wa mlongo wanga anadutsa malire kasanu ndi kamodzi, osadzuka pa thumba la feteleza.

Kenaka mawu a nesi aja anabwerera. "Ine ndakukhulupirirani, koma kutsegula si kwanga tsopano. Lembani kalata, mufotokoze monga mwandiuziramu. Nditumiza pamodzi ndi zimene ndaonazi." Dailes analemba kalatayo pa kauntala, pakati pa misomali ndi maloko. Najma ankafuna ayambe ndi kupepesa kasanu. Iye anapepesa kamodzi, n'kujambula phiri, nsanja ziwiri ndi kanyumba pakati.

Lachitatu lonse kunali chete. Dailes anakumba kachewere ndi ukali moti anatulutsa ndi wa chaka chamawa yemwe, foni ili m'thumba la diresi, akuisuzumira khasu lachitatu lililonse. Masana, akuwatikita mwendo, aNagama anati, "Nangozo, akakana, upite kutawuniko. Usataye ntchito chifukwa cha mwendo uwu. Ndikhala ndi amalume akowa."

"Amalume angakusambitseni?"

"Azindithira madzi ndi kheni ngati kabichi, ndiziuma ndekha padzuwa."

Anaseka onse awiri, koma Dailes anatikita mwendowo nthawi yaitali kuposa masiku onse, nkhope ili pansi.

Yankho linabwera Lachinayi cha m'ma leveni. Dokotala Mirriam anaimba okha. Anati komiti yawerenga kalatayo, ndipo mmodzi wa iwo anachita kukatenga mapu kuti aone ngati Tsangano alikodi. Atsegula, koma layini ikhale ya Malawi yokha, ndipo azigwirira m'chipinda chokhoma, momwe wina sangasuzumire pa sikirini. "Za Lachisanu sindinathe kusuntha," anatero. "Pepani."

Vuto linali lakuti kunyumba layini ya kwathu sikhala ola lathunthu osaduka. Dailes ndi Najma anakawapeza Che Omari, amene akhala akuimbira madalaivala a malole kuyambira mafoni ali aakulu ngati njerwa, ndipo amadziwa pamene netiweki imagona, pamene imadyera ndi kumene imakasamba.

Che Omari anamvetsera akusisita ndevu. "Kunyumba kwanu iwalani, mwana wanga, muli m'dzenje. Kuseri kwa chigayo imagwira, koma ufa ungakuphereni makinawo. Pachulu cha kubwalo la mpira imagwira bwino kwambiri, koma chulu chilibe chitseko." Anatulutsa mulu wa makiyi, n'kumasula imodzi. "Kachipinda kanga ka anyezi, kumtunda kuja. Zenera lake limayang'ana pampata wa phiri, molunjika nsanja. Zaka zonsezi foni sinandidukirepo m'menemo, ngakhale tsiku limene ndinkafuna iduke, akundiimbira apongozi."

"Nanga anyezi wanu, Che Omari?"

"Anyezi sawerenga. Zinsinsi zanu zili bwino."

Anaunjika matumba mbali imodzi, analowetsa tebulo, mpando ndi batire la sola. Asanatseke chitseko, Dailes anatsegula foni ndi pini, anatulutsa simukhadi ya kutsidya, n'kuiika m'dzanja la Najma. "Usandipatse, ngakhale ndilire."

"Ulira ndithu," anatero Najma, akununkhiza m'chipindamo.

Zimene zinalowa theka Lachiwiri zinali zitasokonekera, choncho anafufuta zonse n'kuyambiranso. Netiweki inagwira ngati yamangidwa ndi chingwe. Ka nambala 10 kanalowa, ka 15, ka 21. Misozi inkatsikadi, ya anyezi. Pa ka 22 zinthu zinaima, ndipo pa sikirini panadzaza mawu ofiira otalika kuposa ulaliki wa pamaliro a munthu wolemera.

Anaimbira a Silvester. Poti kujambula n'koletsedwa, anayamba kuwawerengera.

"Basi, basi, mayi, ameneyo ndikumudziwa," anadula a Silvester atamva mizere itatu. "Anthu awiri kuno wawavutitsa sabata yonse ino. Fufutani muyambirenso, mwina alola."

"Iwowo atayambiranso zinatheka?"

"Ayi. Sizinatheke."

"Ndiye dikirani ndimalize kuwerenga."

Anawerenga mizere yonse makumi anayi, mokweza, umodziumodzi. Akuti a Silvester anakamwa tiyi, anatsuka kapu, n'kubwerera iye akadawerengabe. Pa mzere wachiwiri kuchokera pansi panali mawu akuti kapulogalamuka sikangayende popanda kanzake kakale, pamene m'nkhokwe ya yunivesite munali katsopano kokha.

"Tabwerezani pamenepo," anatero a Silvester. Anabwereza. Kunamveka zala zikugogoda pa kompyuta. "Mayi Ngozo, vuto si lanu. Lili m'nkhokwe mwathu muno. Kakaleko tinakachotsa mwezi watha poyeretsa." Koma kubwezeramo kanthu m'nkhokwemo kunkafuna saini ya bwana wawo, ndipo bwanayo anali ataweruka kale.

Lachisanu m'mawa bwanayo anali kumsonkhano. Msonkhano utatha anapita ku nkhomaliro, ndipo zikuoneka kuti ankadya ng'ombe yathunthu. Dailes anakhala m'kachipinda kaja kuyambira seveni koloko, manja ali pamiyendo, opanda chochita. Najma ankagogoda pachitseko ola lililonse n'kufunsa kuti, "Wabadwa?" ngati ali pakhomo la chikuta. Che Omari popita kukaswali anati amukumbukira, ndipo kunyumba aNagama anali atagwira korona kuyambira m'mawa. Ndiye nkhaniyi inakafika kumwamba kuchokera mbali ziwiri, ndipo kumeneko palibe amene anafunsa kuti ikuchokera dziko liti.

Thu koloko itadutsa ndi theka, uthenga unabwera: "Yesani tsopano." Ka 22 kanalowa. Totsalato tinatsatira ngati ana a bakha. Kenaka panali kukonza: kuiuza R kumene mayankho amasungidwa, kumene iziika zotsatira, ndi kalembedwe ka madeti, tsiku patsogolo mwezi pambuyo, kuti munthu wobadwa pa 3 Disembala asasanduke wa pa 12 Malichi. Folo koloko itatsala ndi mphindi makumi awiri, anayendetsa mayeso aja. Sikirini inakhala phee kwa nthawi imene Dailes amati inali mphindi imodzi, koma Najma, kunja kwa chitseko, amati anamera imvi ziwiri. Kenaka ndandanda unatuluka, mizere yake yowongoka bwinobwino, palibe pofiira ngakhale pamodzi.

A Silvester anaimba iye asanaimbe. "Ndauona, mayi Ngozo. Ndipo anthu anga awiri aja nawonso zawayendera, akuti ndikuthokozereni. Wina akufunsa ngati mumawerengera anthu pa ganyu." Dokotala Mirriam sanachulutse mawu: "Lolemba eyiti koloko. Mukhala komweko."

Dailes anakhoma kachipindako n'kukabweza kiyi, koma Che Omari anabisa manja kumbuyo. Anati aisunge yekha mpaka kafukufuku adzathe, anyezi amupezera kwina. Mpaka lero Dailes amagwirira m'menemo, kuyambira akawasambitsa amayi ake mpaka nthawi ya mapiritsi a madzulo. Koma tsiku limenelo anatsika njira ya kunyumba akununkha anyezi moti anthu amene anakumana naye analira osadziwa chimene chawakhudza.

Anapeza aNagama ali pakhonde. Pambali pawo panali chikwama chotseka bwinobwino, ndi mbale yokutidwa ndi nsalu.

"Amayi, chikwamachi?"

"N'chako. Ndalongedza ndi dzanja limodzi, usandiseke mapindidwe. Ndimati zikakanika usachedwe ndi kuganiza, ungonyamuka m'mawa."

"Nanga m'mbalemu?"

"Kamba wa paulendo. Ndinawatuma amalume ako aphe nkhuku. Anaithamangitsa mpaka kumanda."

Dailes anakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo. "Sindikupita, amayi. Zatheka. Ndizigwirira konkuno."

ANagama anamuyang'anitsitsa. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nati, "Ndiye nkhuku yanga yafa chabe?"

"Yafa chabe."

"Katenge madzi osamba m'manja, uwaitane ndi amalume akowo asanakomoke. Ndipo pomasula chikwamacho usamale, pansi ndaikapo juzi yanga yabwino. Ndiifuna Lamulungu."